Ngozi ziwiri zabodza ndi nyimbo zomwe zidatsekeredwa m'kabati

Msewu wa ku Thambani umapatuka pafupi ndi boma la Mwanza n'kumatsetsereka chakummwera, malire a Mozambique ali kudzanja lamanja. M'mphepete mwa msewu umenewu ndi momwe mu Meyi 1983 mudapezeka galimoto ya mtundu wa Peugeot itagwera kuphedi, mkati mwake muli mitembo inayi. Adali Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress. Aaron Gadama, nduna ya chigawo chapakati. Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo. Ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Boma lidati anthuwa adachita ngozi akuthawira kunja kwa dziko. Padapita zaka 11 kuti komiti yofufuza, yomwe adaitsogolera woweruza Harry Mtegha, imve umboni woti anayiwa adagwidwa ku Zomba, adagonekedwa ku Mikuyu, ndipo adaphedwa ndi apolisi asadaikidwe m'galimotomo. Dr Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena adaimbidwa mlandu, koma mu Disembala 1995 khoti lidawapeza osalakwa.

Izi aliyense wa ku Mwanza amazidziwa. Chomwe ambiri sadziwa n'choti bodza lomweli lidanenedwapo kale kutali kwambiri, zaka 35 m'mbuyo mwake, ndipo lidagwera m'banja la munthu wopeka nyimbo.

Mu Januwale 1948, mumzinda wa Minsk m'dziko la Soviet Union, thupi la Solomon Mikhoels lidapezeka mumsewu. Iyeyu adali katswiri wa zisudzo komanso mtsogoleri wa Ayuda wotchuka m'dziko lonselo. Boma lidati wagundidwa ndi galimoto. Zoona zake n'zakuti adaphedwa ndi apolisi achinsinsi, mtsogoleri wa dzikolo Stalin atalamula. Kusiyana kwake ndi za ku Thambani n'kwakuti Mikhoels adamuchitira maliro aulemu a boma, pomwe anayi athu aja adaikidwa mwakachetechete, anthu akuopa ngakhale kupita kukakhuza.

Mikhoels adali ndi mkamwini, dzina lake Mieczysław Weinberg. Mnyamatayu adabadwira ku Warsaw mu 1919, ndipo asilikali a Hitler atalowa m'Poland mu 1939 adathawa wapansi kulowera kummawa. Makolo ake ndi mlongo wake adatsala, ndipo onse adaphedwa. Adaphunzira kupeka nyimbo ku Minsk, nkhondo idamupirikitsanso mpaka ku Tashkent komwe adakwatira mwana wa Mikhoels, kenako mu 1943 adafika ku Moscow mothandizidwa ndi katswiri wopeka nyimbo Dmitri Shostakovich, yemwe adaona ntchito yake n'kuikonda. Apongozi ake ataphedwa, apolisi adayamba kumulondalonda. Mu Febuluwale 1948 boma lidatulutsa mndandanda wa nyimbo zoletsedwa, ndipo kwateti (nyimbo ya oimba anayi) yake yachisanu ndi chimodzi, yomwe adailemba mu 1946, idali pomwepo. Mu Febuluwale 1953 adamutsekera. Shostakovich adachita chinthu chomwe ochepa akadayerekeza: adalembera kalata Beria, mkulu wa apolisi achinsinsi, kumuikira kumbuyo mnzakeyo. Mwamwayi Stalin adamwalira pa 5 Malichi, ndipo mu Epulo Weinberg adatuluka.

Adakhala ndi moyo mpaka 1996. Chakudya amachipeza polemba nyimbo za m'mafilimu ndi makatuni a ana, koma kunyumba amalemba zomwe mtima wake umafuna: makwateti 17 ndi nyimbo zina zambirimbiri. Kwateti yoletsedwa ija idaimbidwa koyamba pagulu mu 2007 mumzinda wa Manchester, ndi gulu lotchedwa Quatuor Danel. Idadikira zaka 61. Mwini wake adali atagona m'manda zaka zoposa 10.

Kwateti yotereyi ndi nyimbo ya anthu anayi okha: mavayolini awiri, viyola yomwe ndi yokulirapo pang'ono ndipo mawu ake ndi apakati, ndi chelo, chachikulu choimba besi. Palibe woimirira kutsogolo ndi kamtengo kuwalamula. Anayiwo amakhala moyang'anana, wina akayamba mzere mnzake amaulandira, wachitatu n'kuutsutsa, ndipo amadziwa polowera pomvera kupuma kwa anzawo. Nyimbo za mtunduwu zidayambira m'zipinda za m'nyumba, osati m'maholo akuluakulu, n'chifukwa chake zimaimbidwa ndi anthu atatu, anayi, mwina asanu.

Apa ndiye pagona nkhani. Gulu lalikulu la zoimbira, la anthu 80, limafuna holo, malipiro ndi chilolezo. M'dziko la chipani chimodzi zonsezi mwini wake ndi boma, choncho woimba wamkulu amaimba zomwe boma lavomereza. Anthu anayi amangofuna mipando inayi ndi chitseko chotseka. Wopeka nyimbo akatsekeredwa njira zonse, kanjira kotsala ndi kameneka, ndipo nthawi zambiri ndi momwe amanenera zoona zake.

Umboni wowawa kwambiri udachokera ku Terezín, tauni ya m'dziko la Czechoslovakia yomwe a Nazi adaisandutsa msasa wosungira Ayuda asadawatumize kokaphedwa. Mumsasamo mudaunjikana akatswiri a nyimbo: Viktor Ullmann, Pavel Haas, Hans Krása ndi Gideon Klein. Ullmann adalemberamo kwateti yake yachitatu mu 1943. Klein, yemwe adali ndi zaka 24, adamaliza nyimbo ya zoimbira zitatu kumayambiriro kwa Okutobala 1944, ndipo pakati pake adaikapo nyimbo yamakolo ya kwawo ku Moravia, n'kumaitembenuza uku ndi uku. Patangotha masiku 9, pa 16 Okutobala, onse anayi adakwezedwa sitima imodzi yopita ku Auschwitz. Ullmann, Haas ndi Krása adaphedwa atangofika. Klein adafera kumsasa wina wa mgodi wa malasha mu Januwale 1945.

Tisawapake utoto a Nazi: kuimba ku Terezín adakulola chifukwa kumawathandiza kunama. Mu Juni 1944 adaonetsa msasawo kwa nthumwi za Red Cross ngati tauni yabwino ya anthu osangalala, ana akuimba sewero la Krása lotchedwa Brundibár. Olamulira ankhanza sadana ndi nyimbo. Amaikonda kwambiri, bola iwagwirire ntchito.

Nyimbo za anthu amenewa tikuzimva lero chifukwa cha pepala. Asadakwere sitima, Ullmann adasiyira mapepala ake mkaidi mnzake, ndipo Klein adasiyira bwenzi lake lomwe pambuyo pake lidakawapereka kwa mlongo wake. Mapepalawo adakhala m'masutukesi ndi m'makabati zaka zambiri. Pofika m'ma 1990 kampani ya Decca idayamba kutulutsa zimbale za opeka nyimbo omwe Hitler adawaletsa, ndipo maina omwe adafufutidwa adabwereranso pamapulogalamu a makonsati. Manotsi olembedwa amadikira. Woimba yemwe adabadwa wopekayo atafa kale akhoza kuwatsegula n'kuimba ndendende zomwe mwini wake adamva m'mutu.

Nanga kwathu kuno?

Nyimbo zazikulu za nthawi ya Kamuzu tonse timazikumbuka, ngakhale omwe adabadwa mochedwa adazimvako. Mbumba zidali kudzaza bwalo la masewero ku Blantyre, amayi atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi, boma lililonse ndi nyimbo zake. Nduna zitagalukira mu 1964, maina a Chipembere, Chiume ndi Chisiza adalowa m'nyimbo zowatukwana. Zambiri mwa nyimbozi zidali za chimtali, chioda ndi magule ena akale, mawu okha ndiwo adasinthidwa. Kunena chilungamo, zina zidali zokoma zedi, ndipo omwe adazipeka adali amayi aluso omwe maina awo palibe adawalemba. Ena amaimba ndi mtima wonse, ena chifukwa kukana kukadawaitanira achiswe, achinyamata a chipani. Amenewanso ndi opeka nyimbo oiwalika, ngakhale nkhani yawo ndi yovuta kuikamba.

Koma kudalinso nyimbo zazing'ono, ndipo nyimbo za anthu atatu kapena anayi si zachilendo kwa ife. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, omwe katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik adakumana nawo mu Blantyre mu 1967, amaimba kwela ndi zoimbira zochepa chabe: chitoliro, gitala, besi ya chingwe chimodzi ndi chisekese. Mukamvetsera bwino zojambula zawo mupeza zomwezija za kwateti ya ku Ulaya: chitoliro chikufunsa, gitala akuyankha, besi ikugwira pansi, palibe wolamula mnzake. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, amaimba banjo ndi Chimvu River Jazz Band, zoimbira zopangira pakhomo. Kumidzi kudali a bangwe, a kaligo, a sansi, munthu mmodzi kapena awiri pakhonde madzulo. Ndipo kudali mtondo, pomwe amayi awiri kapena atatu amasinja akuimba zomwe sakadazinena pamaso pa mwamuna, apongozi kapena mfumu.

Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, adaonetsa kuti m'chigawo chino cha Africa nyimbo idali ndi ufulu womwe kulankhula wamba kudalibe. Chomwe sungauze mfumu pabwalo, ukhoza kuchiimba, ndipo mfumu imayenera kumva osakulanga. Adatsata nyimbo za ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya kuchigwa cha Zambezi zodandaula nkhanza za makapitawo, komanso nyimbo za vimbuza za kumpoto kwathu. White mwini wake adamupirikitsa m'Malawi mu 1972, akuphunzitsa ku yunivesite.

Ufulu umenewu ndi womwe ulamuliro wa chipani chimodzi udaphwanya. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo pomafika pakati pa zaka za m'ma 1970 bungwe lake lidali litaletsa mabuku oposa 800. Lidafika poletsa nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia chifukwa cha dzina lokhalo. Wailesi idali imodzi, MBC, ndipo kwa woimba wamba ndi komweko komwe kudali makina ojambulira. Apa boma silimafunika kumanga munthu. Kungosiya kumujambula, kapena kuika tepi yake pambali, basi wathera pomwepo. Oimba nawo adaphunzira msanga kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Adayamba kuimba za ana amasiye, za mfiti, za mnansi wanjiru, za imfa yobwera mosadziwika, ndipo omvera amadziwa okha komwe muvi ukuloza. Dr John Lwanda, yemwe adatulutsa nyimbo za Namoko kudzera ku kampani yake ya Pamtondo ndipo adalemba buku lonse pa za nyimbo ndi ndale m'Malawi, wakhala akunena zoti kutsutsa kwambiri kwa nthawi imeneyo kudabisala m'nyimbo zooneka ngati za m'banja.

Izi zili ndi vuto lake, ndipo tisalizembe. Nyimbo yophiphiritsa ikatha zaka 40, tanthauzo lake limafa ndi omwe amalimva. Mdzukulu akaimva lero amangoti ndi ya ana amasiye. Ndiponso n'kosavuta ife a lero kumaika ndale m'nyimbo yomwe mwini wake amangodandaula za mkazi womuthawa. Amene angatiuze zoona ndi omwe adaliko, ndipo akutha.

Alakatuli athu adachita mwayi pang'ono chifukwa adali ndi pepala. Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu, koma buku lake lidali litasindikizidwa kale ku London mu 1981, ndipo alembi a maiko ambiri adachita phokoso mpaka adatuluka. Wa bangwe wa kwa Nthache kapena kwa Kanduku akadaimba mawu olakwika pamowa, achinyamata a chipani n'kumutenga, ndani ku London akadamva? Ndi funso lomwe komiti ya Mtegha sidapatsidwe, ndipo bwalo loona za chipukuta misozi lomwe lidakhazikitsidwa ulamulirowo utatha limawerenga anthu ozunzidwa, osati nyimbo zotayika.

Oimba omwe tikudziwa bwino za mavuto awo ndi a kumapeto, pomwe makaseti adayamba kuyenda m'manja mwa anthu popanda kudzera ku wailesi. Wambali Mkandawire nyimbo zake zidachotsedwa pawailesi ataikira kumbuyo Chakufwa Chihana yemwe adamangidwa mu 1992. Lucius Banda wa ku Balaka adatulukira ndi Mabala, yolira zipsera za ulamuliro womwe umatha, ndipo pambuyo pake, muulamuliro wa Bingu wa Mutharika, nyimbo zake nazo zidasowa pa MBC. Evison Matafale, woyambitsa Black Missionaries, adamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula Pulezidenti Bakili Muluzi ndipo adamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala 2001. Ofufuza a boma adati adafa ndi matenda, koma mpaka lero ambiri sakhutira. Zonsezi zikuonetsa kuti khalidweli silidathe ndi referendamu ya 1993. Komabe atatuwa si oiwalika. Zimbale zawo zilipo, ana akuziimba. Oiwalika enieni ndi omwe sitingathe n'kuwatchula komwe.

Ngakhale wopeka nyimbo ya fuko lathu, Michael Sauka, yemwe adamwalira mu 1990, ndi angati mwa ana omwe amaimba nyimbo yake m'mawa uliwonse pasukulu angamutchule dzina? Iyeyu palibe adamuletsa. Ngati timaiwala chonchi yemwe timamuimba tsiku ndi tsiku, kuli bwanji yemwe adatsekedwa pakamwa.

Mwanza ili ndi mbali ina pankhaniyi, chifukwa ndi khomo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta m'ma 1980, anthu a ku Tete adakhamukira kuno, ndipo dziko lonse lidasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni. Misasa ya Chifunga ndi Luwani, yomwe lero ili m'boma la Neno chigawikireni maboma awiriwa mu 2003, nthawi imeneyo idali m'Mwanza. Mu 2015 ndi 2016 anthu enanso pafupifupi 10,000 adafika pamudzi wa Kapise kuthawa ziwawa za ku Tete komweko. Anyungwe ndi eni ake a nyanga, gule wa zitoliro yemwe amafuna gulu lalikulu, aliyense ndi zitoliro zake zogwirizana ndi za anzake. Gule wotere nkhondo imamumwaza, chifukwa gululo likabalalika nyimbo siimveka. Chomwe chimaoloka malire ndi chomwe munthu mmodzi anganyamule pamodzi ndi mwana ndi mphika. Weinberg naye adafika pamalire a Soviet Union chimanjamanja, nyimbo zili m'mutu. Amene akufuna kudziwa zomwe anthu a m'malire muno adapeka pa zaka za nkhondo ndi za mantha sayenera kuyambira ku Zomba kapena ku Lilongwe. Ayambire kwa agogo a ku Thambani, ku Kunenekude ndi ku Tulonkhondo.

Wina anena kuti kuyerekeza Namoko ndi Ullmann n'kukokomeza, poti wina adaphunzira kwa Arnold Schoenberg ku Vienna pomwe wina amaimba pamsika. Ine ndikuona kuti kusiyana kwawo kwakukulu sikuli paluso. Kuli pa zomwe zimachitika woimbayo akafa. Nyimbo ya Ullmann ili pamapepala omwe akusungidwa bwino ku Switzerland, ndipo gulu lililonse padziko lapansi likhoza kuiphunzira. Ya wa bangwe ili pakhosi pake ndi m'zala zake. Ikapulumuka ndiye kuti wina adabwera ndi makina. Hugh Tracey adayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula oimba a m'midzi, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Kubik ndi Moya Malamusi adasonkhanitsa zambiri ku Chileka. N'zochititsa manyazi pang'ono kuti mawu a agogo athu a mu 1958 ndi osavuta kuwapeza kusiyana ndi a makolo athu a mu 1983.

Ngakhale za masiku ano zimatidikirira mlendo. Akaidi a kundende ya Zomba akhala akupeka nyimbo kuyambira kale, koma dziko lidawamva Ian Brennan wa ku America atawajambula mu 2013, chimbale chawo n'kufika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Ambiri mwa iwo amaimba payekhapayekha kapena awiriawiri, ndi gitala mmodzi kapena opanda choimbira chilichonse.

Ntchito yomwe adagwira a Quatuor Danel ndi yotheka kuno, ndipo siifuna vayolini. Tili ndi ophunzira zoimba ku yunivesite ku Zomba ndi ku Music Crossroads ku Lilongwe omwe amatha kulemba manotsi. Tili ndi makwaya m'mipingo yonse omwe amawerenga solofa. Wophunzira mmodzi atakhala pansi ndi tepi ya Kachamba kapena ya Namoko, n'kulemba mzere uliwonse wa gitala ndi wa besi, ndiye kuti nyimboyo yapeza moyo wachiwiri womwe sudalira kuti tepiyo isaole. Atapita ndi foni yake kwa nkhalamba ya ku Mwanza n'kuifunsa kuti, "Agogo, ndi nyimbo iti yomwe mudasiya kuimba chifukwa cha mantha?" akhoza kubwerako ndi zomwe palibe buku lidazilemba. Funso lachiwiri likhale loti adaipeka ndani, chifukwa chizolowezi chathu chongoti "nyimbo yamakolo" chakwirira maina a anthu ambiri omwe adakhala pansi n'kuipeka.

Pali malo enanso oyambira, ndipo ndi oseketsa ukawaganizira. Ofufuza mbiri ya Weinberg amadziwa tsiku lomwe kwateti yake idaletsedwa chifukwa akalaliki a Stalin adailemba bwinobwino pamndandanda, ndi dzina la mwini wake. Opondereza amakonda mafayilo. Bungwe lathu lounika zisangalalo lidagwira ntchito zaka 26 pansi pa chipani chimodzi, likulandira makalata, likuyankha, likudinda zidindo, ndipo MBC nayo idali ndi akuluakulu osankha zoti ziulutsidwe ndi zoti zisaulutsidwe. Nyumba yosungira zakale ya boma ili ku Zomba, ndipo nkhokwe ya matepi a MBC ili ku Chichiri. Aphungu a ku Mwanza, omwe boma lawo limatchulidwa nthawi zonse nkhani ya 1983 ikabuka, ndiwo angayambe kufunsa m'Nyumba ya Malamulo kuti mafayilo a nyimbo zoletsedwa kuyambira 1968 mpaka 1994 atsegulidwe, ndipo matepi omwe adaikidwa pambali aulutsidwe pa Radio 1, dzina la woimba aliyense likutchulidwa.